Kapaipi ka Pansi pa Sinki

Bambo anga, a Lindsay Trengove, anagwira ntchito ya upulambala zaka makumi anayi muno mu Port Pirie, ndipo ngakhale atapuma, manja awo sanapume. Chaka chilichonse mu Okutobala, kusanayambe kutentha, ankangotulukira kunyumba kwanga osaimba foni, ali ndi chikwama cha masipanala. Tiyi ankakana mpaka atamaliza. Ankayambira pa mpopi waukulu wa pa mita ya madzi, kuutseka n'kuutsegulanso kuti usagwire, kenako kukayang'ana giza yotenthetsera madzi, kenako kusintha timphira ta mipopi yodontha. Pomaliza ankagona chagada m'bafa, mutu uli m'kabati ya pansi pa sinki, tochi ili kukamwa.

Chaka chimene banja langa linatha ndinali munthu wosachedwa kupsa mtima. Tsiku lina nditaweruka kuntchito ndinawapeza atatsegula okha ndi kiyi wawo, mabotolo anga a mankhwala otsukira ali mbwee pansi.

"Noelene, tagwada apa uone," anatero mutu ukadali m'kabati. "Kapaipi kofewa aka, ka madzi otentha. Ukutiona timawaya tolukana tokakutirati? Tachita dzimbiri. Mankhwala akowa ndi amene akutidya. Aka kakatopa sikadontha ayi, kamangophulika."

"Adadi, mwalowa bwanji muno?"

"Pakhomo, nanga padenga? Ndithamange ndikagule katsopano, ndi ntchito ya mphindi khumi."

"Siyani. Nyumba ino ndi yanga. Ndatopa ndi amuna ondiuza zimene zawonongeka m'nyumba mwanga."

Anatuluka m'kabatimo movutikira, atagwira bondo, n'kutolera masipanala awo. Kiyi anamusiya patebulo. Ali pakhomo anacheuka.

"Ndiye uitane wina adzakasinthe. Ndipo ukamachoka masiku angapo, uzitseka pa mita."

Ndinati ndamva. Mabotolo aja ndinawabwezera momwemo.

Pa Khirisimasi tinadyera pamodzi nkhanu ndi nyama yozizira, tikuseka ngati palibe chinachitika, ndipo za kapaipi palibe anazitchula. Mu Febuluwale bambo anagwa pabwalo akuthirira tomato. Sitiroko inawapha mbali yakumanja ndipo lilime linalemera. Madokotala anati sangakhalenso okha, choncho tinawapezera malo kunyumba yosamalira okalamba. Nyumba yawo inagulitsidwa. Mipando ndinagawa, koma makatoni khumi ndi anayi ndinawatutira kwanga, n'kuwasanja pansi m'chipinda cha alendo choyandikana ndi bafa. Munali zithunzi zonse za banja lathu, diresi la ukwati la malemu mayi anga, ndi makalata amene awiriwo ankalemberana bambo akugwira ntchito ku Woomera asanakwatirane. Bambo anandipempha kuti ndiziwabweretsera pang'onopang'ono. Ndinkangoti mawa.

Pa Pasaka ndinapita ku Adelaide kwa mnzanga masiku anayi. Ndikubweza galimoto pageti, maso anga anagwa pa mita ija, ndipo mawu a bambo ndinawakumbuka bwinobwino. Koma ndinali nditachedwa, ndinali nditavala nsapato zabwino, ndipo pansi panali matope. Ndinangopitirira.

Lolemba masana foni inalira. Anali a Rosaria Caputo, mayi wachikulire woyandikana nane nyumba.

"Mwana wanga, madzi akutuluka pansi pa chitseko chako mpaka pamsewu. Ndatseka pa mita, mpopi wake sunavute n'komwe, koma bwera msanga."

Nditatsegula chitseko, fungo la chinyezi linandimenya kumaso. Kapeti inali ngati dambo. Penti inali itatupa m'makoma, matabwa apansi atapindika. Sindinayang'ane zimenezo kawiri, ndinalunjika kuchipinda cha alendo. Makatoni apansi anali atasanduka phala, apamwamba n'kugwera m'madzimo. Diresi lija linali litamwa utoto wa makatoni. Makalata anali atamatana kukhala chibuma chimodzi, inki itasungunuka, ndipo nditayesa kumatula imodzi inangonyenyeka m'zala. Ndinakhala pansi m'madzimo, a Rosaria ataima pakhomo atagwira pakamwa.

Pulambala amene anabwera mawa lake anali Gavin, yemwe anaphunzira ntchito kwa bambo kalekale. Anamasula kapaipi kong'ambikako, n'kukatembenuza m'manja mwake.

"Abwana Lindsay sanakaone aka?"

"Anakaona," ndinatero.

Anangotulutsa katsopano n'kukamanga.

Kwa masabata awiri ndinkapita kukaona bambo osawauza. Kunyumba ndinkaviika zithunzi m'beseni, kuzimatula chimodzichimodzi ndi kampeni n'kuziyanika pa matawulo. Pa zithunzi mazanamazana ndinapulumutsa makumi atatu ndi zinayi, zambiri nkhope zitafufutika. Ndinaziika m'chitini cha mabisiketi n'kupita nazo Loweruka m'mawa.

Ndinawapeza pakhonde, pa njinga yawo ya olumala. Ndinawauza zonse ndikuyang'ana pansi. Nditamaliza, anayankhula mokoka lilime.

"Kotentha?"

"Eya, Adadi. Komwe kaja."

"Mita?"

"Sindinatseke."

Ndinkayembekezera kuti andikalipira, ndipo ndinkafuna atatero. Iwo anangoyang'ana dzanja lawo lakufalo.

"Ndikanangosintha," anatero. "Iwe ukulalata... ine n'kumasintha."

"Ayi, Adadi, ndinakuthamangitsani ndine."

"Makalata a mayi ako?"

Ndinapukusa mutu. Misozi inatsika mbali imodzi ya nkhope yawo, ndipo sanandilole kuti ndiwapukute. Patapita kanthawi analoza chitini chija ndi chibwano.

Ndinatulutsa chithunzi choyamba. Chinali cha anthu asanu ataima padoko, koma pamene panali nkhope panangotsala mawanga oyera. Anachiyandikitsa kumaso.

"Cholembera," anatero.

Ndinabwereka cholembera kwa namwino. Iwo ankaloza ndi chala chakumanzere, ine n'kumalemba kumbuyo. Ankawazindikira ndi zipewa, kaimidwe, nsapato. Uyu mayi ako, diresi la maluwa. Uyu mchemwali wake Beryl. Uyu ine, taona makutuwo. Tinachita zimenezo Loweruka lililonse mpaka mu Julayi, zithunzi ziwiri kapena zitatu patsiku, chifukwa ankatopa msanga. Nthawi zina chithunzi chimodzi chinkabala nkhani yonse imene sindinaimvepo, monga ya tsiku limene mayi anakana kukwera njinga yawo yamoto mpaka atameta ndevu.

Anamwalira mu Ogasiti, chibayo chitawagwira. Zinatsala zithunzi zisanu ndi chimodzi zimene sitinafike nazo. Chimodzi ndi cha mayi wina atanyamula khanda pafupi ndi thanki ya madzi amvula. Ndafunsa abale onse amene atsala, mpaka ana a anti Beryl ku Whyalla. Wina akuti ndi agogo, wina akuti ndi mayi anga atandinyamula ine. Kumbuyo kwake sindinalembeko kanthu.