Tcheni cha Mkamwini

Tcheni chinagwa kachitatu a Hopewell asanafike n'komwe pa mlatho wa matabwa. Anatsika, nayedzamiritsa njinga pa mtengo wa bulugamu m'mbali mwa munda wa tiyi, n'kuyamba kuchikokera pa mano ndi kamtengo. Pa kaliyala anali atamangapo mabenchi awiri a ku tchalitchi amene anabwereka pa maliro a akazi awo, mayi Dyna. Linali tsiku lachinayi chiwaikireni m'manda, ndipo chiperoni chinali chitabisa phiri lonse la Mulanje.

Chinawapweteka si kugwako ayi, koma manyazi. Bambo amenewa kwa zaka makumi atatu anali atawatopetsa anzawo ku esiteti ndi nkhani imodzi yokha, yakuti tcheni chawo chimakhala zaka zinayi pamene a kabaza a ku Muloza amasintha kawiri pa chaka. "Nkhani ndi mwendo," ankatero akudzimenya pantchafu. "Njinga imafuna kuinyengerera." Anzawo ankangovomera, poti wodzitama ukamutsutsa umangomuwonjezera nkhani. Tsopano tcheni chotchukacho chinali chitauma gwa, chofiira ndi dzimbiri, ndipo ukachikoka kutsogolo chinkanyamuka mpaka dzino lonse kuonekera. Iwo ankati chaphedwa ndi miyezi isanu yonyamula wodwala kupita naye ku chipatala.

Pobwerera anapeza alamu awo, a Danieli, atakhala pakhonde, chipewa chili pabondo. A Danieli anali mchimwene wa malemu, ndiponso mwini mbumba. Munthu akakhala choncho pakhomo pako usanamuitane, umadziwiratu kuti sanabwerere moni.

"Alamu, ndabwera ndi mawu a mbumba," anatero a Danieli atapatsana moni. "Loweruka tikusudzulani monga mwa mwambo. Mlongo wathu mwatisungira bwino, palibe angakulozeni chala. Tikumasulani kuti mukaone kwanu."

"Kwathu kuti?"

"Aa, alamu! Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Si kuseri kwa Milanje kuja, kutsidya kwa malire?"

"Ndinachokako nthawi ya nkhondo, tsitsi langa lili bii. Wondidziwa watsala mmodzi, mlongo wanga, nayenso maso anamusiya. Nyumba iyi ndinaumba njerwa zake ndi manja awa. Mapeyala awa ndinabzala ndine."

"Pa dothi la ndani, alamu?" A Danieli anafunsa motsitsa mawu, akuzunguza chipewa. "Angella, mwana wa mlongo wathu wamng'ono, akugona m'kakhitchini ka mayi ake ndi mwamuna ndi ana atatu. Akanakhala kuti Dyna anasiya mwana, nkhani ikanakhala ina."

A Hopewell anayang'ana cha kumanda. Ana awo awiri anagona kumanda komweko asanamere mano, ndipo chokhacho chowamangirira pamudzipo chinali mayi amene anaikidwa Lachisanu. A Danieli sanali munthu woipa, tisawanamizire. Anali munthu wa mbumba yaikulu ndi minda yaing'ono, ndipo mkamwini ngakhale amere imvi pamudzi amakhalabe mlendo. Paja mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Masiku otsatirawo pakhomo panangoti zii. Anthu a maliro anali atabalalika, n'kusiya phulusa la moto wa pa siwa ndi udzu wopondedwa. Amayi a pamudzi akamapita ku mjigo ankapereka moni ali chapatali, maso ali kumbali, chifukwa onse ankadziwa za Loweruka. A Hopewell ankadzuka, n'kusesa pabwalo pamene panali posesa kale, kenaka n'kukhala pamwala pamene mayi Dyna ankasendera nandolo. Anasungulumwa koopsa. Tsiku lina anadzipeza akuiuza njinga kuti mapeyala chaka chino abereka, ndipo anachita manyazi ngakhale panalibe wowamva.

Mantha awo enieni anali a kachitidwe kochokera. Ndi tcheni chotero sakanapalasa ngakhale mpaka pa msewu wa tala. Akanatuluka m'mudzi akukankha njinga, katundu ali lendelende, ana akuonerera, ngati munthu wogwidwa ndi nkhuku ya eni.

Lachisanu m'mawa amayi a mbumba anasonkhana m'nyumba kugawana zovala za malemu. A Hopewell anakakhala pansi pa mpeyala kuti asaone zitenje zija zikupita m'manja mwa ena. Patapita nthawi Angella anatuluka atanyamula chitini chachikulu cha mkaka, chakale, chothimbirira. Anagwada n'kuchiika patsogolo pawo.

"Bambo, ichi chinali pansi pa bedi. Amayi aakulu asanatisiye anati ndidzakuonetseni."

Anachitsegula. Munali mswachi wakale wakuda bii, nsanza zonunkha palafini, kabotolo ka oilo kokhala ndi nthenga ya nkhuku, ndi kabango kolembedwa mizere iwiri ndi mpeni. Pamwamba pa zonsezo panali tcheni chatsopano, chikadali m'pepala lake.

A Hopewell anachiyang'ana nthawi yaitali, ndipo mtima unawawawa kuposa tsiku la maliro.

"Ndiye kuti nayenso ankafuna ndichoke," anatero. "Anandikonzera ulendo akadali moyo."

"Ayi, bambo, musatero."

"Nanga zimenezi n'zachiyani? Dyna ndi njinga anadziwana liti?"

Angella anaseka pang'ono, misozi ili m'maso. "Loweruka lililonse mukapita ku bawo kwa a Robson, amayi ankaigadabuza njingayi kuseri kwa nyumba. Ankatsuka tcheni ndi mswachiwu, n'kuchipukuta chiume, kenaka n'kudontheza oilo ndi nthenga, mfundo imodziimodzi. Ine ndinkawagwirira tayala ndili kamtsikana. Kabangoka ankayezera. Mfundo khumi ndi ziwiri zikapitirira mzerewu, ankayamba kukudandaulirani kuti njinga ikuwagwedeza msana, mpaka inu n'kupita kukagula china."

"Ndinkati ndaganiza ndekha."

"Ankafuna muziganiza choncho. Ankati mukadziwa musiya kunyada, ndiye ku esiteti muzikakamba chiyani?"

A Hopewell anawerenga miyezi m'mutu mwawo. Dzimbiri linayamba mwezi womwewo umene mayi Dyna analephera kudzuka pamphasa. Zaka makumi atatu za mwendo wonyengerera zija zinathera pamenepo, m'chitini cha mkaka.

"Chatsopanochi anandituma ine ku Chitakale mwezi watha," anapitiriza Angella. "Anati, 'Amalume ako ndikuwadziwa, ndipo sindikuwada. Koma mwamuna wanga asadzatuluke m'mudzi muno akukankha njinga.'"

Masana amenewo a Hopewell anagadabuza njinga pabwalo. Anachotsa kachitsulo kotsekera, tcheni chakale n'kugwera m'fumbi. Anayala ziwirizo pakhonde moyandikana, n'kuyamba kuwerenga mfundo kuti adziwe podula chatsopano. Pa mfundo zofanana kuchuluka, chakale chinali chitatalika ndi pafupifupi chala chathunthu. Anaika nati pamwala, tcheni chatsopano pamwamba pake, n'kugogoda ndi msomali ndi nyundo mpaka kamtanda kolumikiza mfundo kanatuluka, zotsala n'kuduka. Kawiri konse anadzimenya chala. Atalumikiza anakoka tayala kumbuyo, namanga manati, n'kuimika njinga.

Inkaoneka bwino ndithu. Anakwera, amayi aja akusuzumira pakhomo, napalasa kulowera ku kamtunda ka kumjigo. Atangoponda mwamphamvu, kumbuyo kunamveka kha! Phazi linapita pansi lopanda kanthu, chifuwa n'kugunda pa handulo. Anayesanso, kha! Anabwerera akukankha, nkhope ili pansi.

Angella anali atawadikira, chitini chili m'manja.

"Simunafike pansi penipeni, bambo."

Pansi pa nsanza panali kanthu kena kokulungidwa m'chidutswa cha chitenje chimene a Hopewell anachizindikira, chobiriwira cha maluwa achikasu. Mkati munali kagudumu ka mano ka tayala la kumbuyo, katsopano.

"Anati mudzaiwala," anatero Angella. "Anati tcheni chatsopano sichigwira pa mano akale. Zinadyana limodzi, ndiye zimachoka limodzi."

A Hopewell anawerama n'kuyang'ana mano akalewo. Anali atasongoka n'kupindikira mbali imodzi, dzino lililonse litadyeka molingana ndi tcheni chimene chinagona m'fumbi chija. Anamasula tayala, nakhala pansi, n'kuyamba kugogoda kagudumu kakaleko kuti kamasuke, ndipo Angella anagwira tayala monga ankachitira kale. Kanali kolimba, kanawatengera mpaka dzuwa kupendeka. Pamene ankagogoda, misozi inkagwera pa masipoko, ndipo sanaipukute.

Loweruka mwambo sunatenge nthawi. Akuluakulu a mbumba anakhala pamphasa, a Danieli anayankhula mawu othokoza, amayi ena analira pang'ono, basi munthu wamasulidwa. Zaka makumi atatu zinakwana m'thumba limodzi la feteleza ndi kachikwama ka m'manja. A Hopewell anamanga zimenezi pa kaliyala pamodzi ndi khasu lawo, nayang'ana mapeyala, nayang'ana njira ya kumanda. Kenaka anatambasula dzanja kuti atenge chitini chija pakhonde.

Angella anachigwira msanga n'kuchifungatira.

"Ichi sichichoka, bambo."

"Iwe, apatse," anatero a Danieli. "N'cha njinga chimenecho. Ukufuna uchite nacho chiyani?"

"Amalume, dzulo tagawana zovala monga ananenera amayi aakulu, palibe anatsutsa. Mbale zapita kumene anati zipite. Za chitinichi ananenanso, mayi anga ali pomwepo." Angella anacheukira mayi ake, ndipo iwo anagwedeza mutu kuvomera. "Anati chitini chikhale pakhomo pano. Njinga izibwera Loweruka lililonse kudzatsukidwa tcheni, ndipo wotsuka ndine. Anatinso njinga siibwera yokha, ndiye wobwera nayo azipeza madzi osamba ndi chakudya."

Mayi wina wachikulire anatseka pakamwa ndi chitenje, osadziwika ngati akulira kapena akuseka. A Danieli anakanda kumutu, nayang'ana kuphiri kumene chiperoni chinali chikuyamba kuyera.

"Dyna ameneyu," anatero pomaliza. "Chibadwire chake sanandiyankhepo pamaso, koma sindinamupambanepo." Anavala chipewa chawo. "Mawu a malemu sitilimbana nawo. Alamu, mwamva nokha."

A Hopewell anagwira chishalo cha njinga. Nyumba inali itapita, munda unali utapita, ndipo madzulo a tsikulo ankayenera kukagona kwa eni, kutsidya la Muloza, pakati pa anthu osadziwa ngakhale dzina la mkazi wawo. Koma ulendo wake unali wa maola atatu okha pa tcheni chabwino, ndipo sabata ili ndi Loweruka.

"Lero ndi Loweruka kale," anatero Angella. "Nyamulani kumbuyoko, bambo."

Ananyamula chishalo, tayala n'kuchoka pansi. Angella ananjuta, naviika nthenga m'kabotolo, n'kuyamba kudontheza pa mfundo imodziimodzi akuzunguza pedulo pang'onopang'ono. Sanafulumire, ngakhale anthu onse anali ataimirira kudikira. Atamaliza anapukuta otsala ndi nsanza kuti fumbi la mumsewu lisamatirire, monga anaphunzitsidwira.

A Hopewell anakwera. Anadutsa pamjigo, nakwera kamtunda kaja osatsika, ndipo kumbuyo sikunamveke kanthu. Angella anawayang'ana mpaka analowa m'minda ya tiyi. Kenaka anabwezera nthenga m'kabotolo, natseka chitini, n'kukachilowetsa pansi pa bedi, pakona yomweyo pamene mwini wake ankachibisa.