Ng'oma Yonyowa ya ku Nkaya

Tchuthi chimenecho ife achinyamata a ku Nsanama sitinachithere pa foni. A Blasius, mphunzitsi wopuma pantchito, ankatisonkhanitsa pabwalo la sukulu kuti tiphunzire za makolo: ena kuumba miphika, ena kuluka mikeka, ena kuvina. Ine bambo anga, a Japhet, anandilola za mikeka zokha. Iwo ndi mkulu wa mpingo, ndipo tchopa, gule wathu wa Alomwe, ankati ndi zachikunja. Koma inu, munthu ungaluke bwanji ng'oma ikulira kuseri kwa kalasi? Mkeka wanga sunafike ndi theka lomwe, miyendo inali itandipititsa kale kubwalo.

A Blasius atandisankha kuti ndikatsogolere gule pa chionetsero chotsekera ku Nkaya, komwe tinkakakumana ndi anzathu a ku Ngokwe ndi a ku Balaka, ndinakondwa mpaka kuiwala kudya.

Tinakwera lole m'mawa kukuwaza kamvula, tikuimba njira yonse mpaka mawu kusasa. Titatsika, Brighton, woimba ng'oma yaikulu, anaimenya kuti aiyese. Inangoti bu, ngati thumba la madeya. Chikopa chinali chitanyowa.

"Iwambeni pamoto msanga, a ku Ngokwe akumaliza!" anatero a Blasius, akuthamanga kukapempha okonza chionetsero kuti atidikire.

Anyamata anatola makatoni ndi majumbo, moto uwo lawilawi. Apo m'pamene ndinawaona bambo akudutsa pakati pa anthu, atavala jekete lawo la kutchalitchi. Wina anali atawatsina khutu, iwo n'kukwera minibasi kundilondola. Ine ndili ndi chikopa m'chiuno, mangenjeza kumiyendo, pobisala panalibe.

"Joanna, vula zimenezo. Tiye kunyumba."

"Ababa, kamodzi kokha basi."

"Iyayi."

Zinandiwawa zedi. Ndinawerama n'kuyamba kumasula mangenjeza, misozi ikugwera pa zala. Koma bambo anali atasiya kundiyang'ana. Maso awo anali pa Brighton, amene anali atalozetsa ng'oma pakati penipeni pa malawi ngati akuotcha chimanga.

"Iwe mnyamata! Ukufuna uiphulitse? Ng'oma saiwamba pa majumbo! Solola udzu wouma pa chisakasa icho!"

Anailanda. Jekete anandiponyera ine. Anaizunguza pang'onopang'ono chapatali ndi lawi la udzu, akusisita chikopa ndi chikhatho, akugogoda ndi chala, khutu lili pafupi. Anaitanitsa phula n'kumata pakati, n'kuwambanso. Ataimenya, inabangula moti ngakhale amayi ogulitsa nzimbe kusiteshoni anatembenuka.

Anaibweza kwa Brighton. Mnzathuyo anayamba kuimenya, koma ankaphonya. Bambo anapukusa mutu, anayang'ana kumbali, analuma mlomo, koma zinawakanika.

"Tasuntha apo."

Mkulu wa mpingo, tayi ili pakhosi, anaipana ng'oma pakati pa miyendo! Ine ndinangoima pomwepo, jekete paphewa, mangenjeza m'manja.

"Nanga iwe ukudikira chiyani? Ikazizira uiwamba ndiwe?"

Sindikudziwa kuti ndinawamanga bwanji mangenjezawo. Ndinangozindikira ndili kutsogolo, anzanga akuzungulira pambuyo panga, matope akuthovukira anthu, nthungululu zili ponseponse. Bambo ankafuula mawu a Chilomwe amene sindinawamvepo m'nyumba mwathu. A Blasius pobwera anapeza gule atapsa kale, ndipo nawonso analowa m'bwalo ndi nsapato zawo zopolisha.

Pobwerera bambo anakwera nafe lole yomweyo. Ankangoyang'ana zikhatho zawo zotupa, ndipo ine mantha anandigwiranso. Titawoloka Shire pa Liwonde anatsokomola.

"Joanna."

"Wawa, ababa."

"Mwendo wako wamanzere ukuchedwa. Mawa tikaweruka kutchalitchi ndikakuonetsa mmene ankaupondera agogo ako."