Mano a Woimba Lipenga

Amuna anga anzawo amangowatchula kuti a Lipenga. Pakati pa sabata amawotcherera zitsulo, mageti ndi mafelemu a mawindo, koma Loweruka likafika amavala jekete lofiira n'kupita kukaimba ndi bandi yawo ya madoda okhaokha, kaya ndi ku ukwati kaya ndi kumaliro. Ine ndinawapeza akuimba kale, ndipo ana athu onse anakula akudzutsidwa ndi lipenga.

Mano awo anayamba kugwedera pang'onopang'ono. Nkhama zinkatuluka magazi akamatsuka m'kamwa, iwo n'kumanamizira mswachi. Dzino loyamba linatsalira m'buledi. Enawo anakawazula kuchipatala, limodzilimodzi, mpaka kutsogolo konse kwa m'mwamba kunangotsala pululu.

Ine ndinkaganiza kuti lipenga ndi nkhani ya mpweya basi. Anachita kundilongosolera kuti kachitsulo koika pakamwa kaja kamakanikiza mlomo, ndipo mlomowo umatsamira mano. Popanda mano, mlomo umangobwerera m'kati ngati nsalu. Anayesa ine ndikuona. Munatuluka kaphokoso konga ka tayala lophwa, iwo n'kuseka, koma ine sindinaseke nawo.

Dokotala wa mano anali mayi wachitsikana, wolankhula motsitsa. Anawalumitsa chinthu chofewa ngati dongo kuti atenge muyeso, ndipo titabwererako tinapeza mano atakonzedwa. Kanali kapulasitiki kamtundu wa nkhama, kokhala ndi mano oyera kutsogolo ndi timawaya tiwiri m'mbali tokola mano awo enieni amene anatsala. Anawaphunzitsa kavalidwe, kavulidwe, ndiponso kuti pogona aziwaika m'kapu ya madzi.

"Adokotala, nanga lipenga ndiimba?" anafunsa amuna anga.

"Bambo, awa ndi odyera, olankhulira ndi osekera," anatero dokotala. "Zoimbira lipenga sindingakulonjezeni. Kayeseni, mudzandiuze."

Iwo anangomvapo mawu oti kayeseni.

Tsiku lomwelo kunyumba kunabwera mnzawo wa ponda apa nane mpondepo, woimba ng'oma m'bandimo, amene tonse tinkangowati a Ng'oma. Atawaona akumwetulira anagwira pakamwa.

"Achimwene, mano amenewa mwabwereka kwa ndani? Mlamu, samalani, anthu awa abwerera ku unyamata!"

Tinaseka mpaka misozi. Kenako amuna anga anatulutsa lipenga. Mawu oyamba anatuluka bwinobwino, oyera, moti ndinaimirira pakhomo la kukhitchini nditagwira mbale yonyowa. Koma atati akweze, anakanikiza, manowo n'kupendekeka, kumbuyo kwake n'kutsika kugwera pa lilime. Anatsamwa, n'kuwalavulira m'dzanja.

"Ndi tsiku loyamba ili," anatero a Ng'oma. "Nsapato yatsopano imaluma."

Sizinasinthe. Tinabwerera kwa dokotala, anafinya timawaya tija kuti tigwire zolimba. Tinapitanso, anapala pamene pankawatupitsa. Anawapatsa mankhwala omatira mano ku nkhama, ndipo ankagwira kwa kanthawi, koma malovu akachuluka ankasiya. Ndikamachapa kuseri kwa nyumba ndinkamva nyimbo ikuyamba, n'kuduka, n'kuyambanso, n'kuduka pamalo omwewo. Ndinafika poidziwa mfundo imene idukire, ndipo ikamayandikira manja anga ankaima okha m'beseni.

Ulendo wina dokotala anagwira dzino limodzi mwa aja okoledwa ndi waya, n'kuligwedeza ndi chala. Anandiitana kuti ndione. Linkayenda.

"Mukamakanikiza lipenga, mphamvu yonse ikuthera pa mano awiriwa," anatero. "Mukapitiriza, nawonso achoka. Akachoka, awa oikirirawa asowa pogwira."

"Palibe njira ina?" ndinafunsa ine.

"Ilipo yokhomera mano m'fupa. Koma ndaona chithunzi chawo, mayi. Matenda a nkhama aja anadya fupa, latsala lopyapyala. Palibe pokhomera."

Sanalankhule mwankhaza ayi. Ndinkafuna wina woti ndimukwiyire, koma panalibe.

Amuna anga anasiya kuimba. Kubandi ankapitabe, kukathandiza kunyamula mipando ndi kukhala pambali. Ndinayesa kuwauza kuti aphunzire ng'oma, poti siifuna mano. Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti akwatire mkazi wina. Ndinawaphikira zofewa, ndinawagulira kabokosi kosungiramo manowo. Zimene ndikanatha zinali zomwezo.

Kenako a Ng'oma anadwala, ndipo matenda ake sanachedwe nawo. Tili pamaliro, akazi awo anandikokera pambali.

"Asisi, malemuwa anasiya mawu. Anati powatsitsa m'manda, amuna anu adzawaimbire nyimbo ija ankaikonda, yekha, popanda bandi. Ndikudziwa za manowo, koma ndingotula zimene anandituma."

Ndinalingalira zoti ndisawauze amuna anga. Koma mawu a womwalira sabisidwa, ndipo ndinawauza. Analowa m'chipinda, ndinamva akutsegula bokosi la lipenga.

"Bambo, dzino lija," ndinatero ndili pakhomo.

"Ndalimva kale dzinolo, mayi."

M'mawa wa tsiku loika maliro anapaka mankhwala omatira aja ochuluka, mpaka ena ankatulukira m'mbali. Sanadye kanthu, sanamwe ngakhale madzi, kuopa kuti angasungunuke. Kumanda dzuwa linali loswa mtengo. Bokosi litayamba kutsika, abusa anawakodola, anthu n'kuwapatsa mpata. Anaima kumutu kwa manda atavala jekete lofiira lija.

Ndime yoyamba inatuluka. Inali yonjenjemera, koma inali nyimbo, ndipo amayi ena anayamba kulira mokweza. Ine sindinkamvera nyimboyo, ndinkangoyang'ana nsagwada zawo. Atafika pokweza paja, ndinaona tsaya likugwedezeka, lipenga n'kulira ngati mbuzi. Anaima, anakankha manowo ndi chala chachikulu, anayambiranso. Linaliranso chimodzimodzi. Kachitatu sipanatuluke kanthu, mpweya wokhawokha.

Amuna anga anaima pomwepo lipenga lili pakamwa, maso ali m'dzenje. Pakati pa ine ndi iwo panali mulu wa dothi ndi anthu ambirimbiri, ndipo ngakhale ndikanadutsa, ndikanakachita chiyani? Mayi wina wa kwaya anaitola nyimboyo ndi pakamwa pamene inadukira, ena n'kulandira. Iwo anatsitsa lipenga. Pamlomo pawo panali magazi.

Akazi a malemu anabwera kudzawagwira dzanja. "Alamu, amva. Mwawaimbira." Iwo anangogwedeza mutu.

Dzino lija linazulidwa sabata yotsatira. Dokotala sanawakalipire. Anati awonjezera dzino lina pa kapulasitiki kaja n'kusamutsira waya pa dzino la kumbuyo, ndipo anatenga manowo kuti akawakonze. Tinatuluka m'chipatala iwo atatseka pakamwa ndi kampango.

Pamalo okwerera basi tinakumana ndi bambo wina amene amuna anga anamuimbira pa ukwati wake kalekale. Anawathamangira mosangalala.

"A Lipenga! Mwana wanga wamkazi akukwatiwa mwezi wamawa. Ndimati ndikufuneni, mudzaimbe ngati muja munachitira pa wanga."

Amuna anga anandiyang'ana kuti ndiwayankhire, poti opanda mano sankafuna kulankhula pagulu. Ine ndinangofunsa bamboyo kuti mkwatiyo ndi wa kuti, ndipo anayamba kufotokoza, ife tikumvetsera mpaka basi inabwera.