Makina Oopa Tiyi

Makina a Maureen Thwaite ankafa kawiri pa tsiku, ndipo chowapha chinali tiyi.

Anali chimakina chodzaza chipinda chapansi pa koleji, mababu ali mbwee, kutentha ngati uvuni wa buledi. Maureen ankalemba masamu, mnzake Cyril Oddie ankalumikiza mawaya, ndipo zaka zawo zabwino zinathera m'chipinda chimenecho. Nkhondo inali itangotha kumene, ndipo m'chigawo chonse cha Yorkshire ochepa okha ndi amene anali atamvapo dzina loti kompyuta.

Kuwerengera ankatha, liwiro lake lochititsa mantha. Koma magetsi akangofooka pang'ono, ankaiwala zonse. Ndiye ikakwana nthawi ya tiyi, maofesi onse am'mwamba ankayatsa maketulo nthawi imodzi, kasipika kamene kankalira makina akamagwira ntchito n'kungoti zii. Usiku nyumba yonse ankaizimitsa poti malasha ankasowa. Masamu amene Maureen anapatsidwa, oona ngati mlatho watsopano ungapirire mphepo, ankafuna tsiku lathunthu. Tsiku ndi tsiku ankayambira poyamba, osafika n'pakati pomwe.

Pulofesa Hallam, mkulu wa kolejiyo, anatopa nazo. Ananena poyera kuti likafika Lachisanu yankho palibe, makinawo aphwasulidwa, chipinda apatsa ena.

Maureen anayenda ofesi ndi ofesi kupempha kuti asiye tiyi tsiku limodzi lokha. Onse ankangoti: kupempha ife kuti tisiye tiyi! Mabomba akugwa sitinasiye, ndiye tisiyire mawaya? Anamumvera chisoni kwambiri, ena mpaka anamuthirira kapu. Iye anakwiya, nalumbira kuti sadzamulawanso.

Lachitatu masana anakhala pampando, mtima uli m'malere, akuyang'ana Cyril amene ankapukuta manja kuti akwere kumwamba. Asananyamuke, anamanga kaulusi kofiira pa waya wina.

"Kameneko n'kachiyani, a Cyril?"

"Mutu wangawu ndi sefa, mayi. Ndikabwerako ku tiyi ndiyambira pamenepa."

"Ndiye inu ndi makinawa ndinu pachibale. Kungoti inu muli ndi ulusi."

Maureen anaseka, kenako kuseka kunathera m'njira. Miyezi yonseyi ankalimbana ndi kuti makinawo asafe. Bwanji osawasiya azifa, koma akadzuka azipeza ulusi wawo?

"Tiyi wanu azizira lero," anatero. "Khalani pansi."

Analemba malangizo atsopano oti pakapita kanthawi, makinawo aziboola pa tepi ya pepala manambala onse amene afikapo. Zinali zochedwetsa, ndipo Cyril anang'ung'udza kuti akuwononga pepala. Lachinayi zinakanika kawiri chifukwa Maureen anaiwala nambala imodzi, moti anatsala pang'ono kulira.

Lachisanu Pulofesa Hallam anatsika masitepe dala nthawi ya tiyi wamasana, kapu ili m'manja. Sanachedwe kuona zimene anabwerera. Magetsi anaphethira, kasipika kaja n'kukhala chete.

"Pepani, a Dokotala Thwaite," anatero mofatsa, ngati munthu wopepesa maliro. "Lolemba ndituma anthu adzaphwasule."

"Malizani kaye tiyi wanuyo, a Pulofesa."

Maureen anang'amba tepi ija, anaibweza m'makina, n'kudina batani. Kasipika kanayambanso kulira. Pulofesa anali atamva kaliridwe koyambira kaja kambirimbiri mpaka kumunyansa, koma aka kanali kachilendo.

"Sakuyambira poyamba?"

"Ayi. M'mawa afanso, tawadzutsa. Akupitiriza pomwe anasiyira."

"Ndani wawauza pomwe anasiyira?"

"Adziuza okha."

Mkulu uja anakoka mpando n'kukhala, tiyi wake n'kuzizirira m'manja. Nkhani inamveka kumwamba, anthu anayamba kutsika mmodzimmodzi mpaka masitepe anadzaza. Dzuwa lisanalowe, makina olembera mayankho anayamba kugogoda, manambala a mlatho akutuluka mzere ndi mzere mpaka kumapeto.

Pulofesa anawerenga pepalalo kawiri, n'kulipinda bwinobwino.

"Lolemba ndibwera ndekha," anatero. "Ndili ndi masamu anga amene anandikanika kalekale."

Anthu anaomba m'manja. Maureen anadzazidwa ndi chimwemwe. Kenako anatembenukira kwa Cyril.

"A Cyril, kayatseni ketulo. Yaikulu ija."