Pointi Imodzi ya Tisunge

"Wakhala akutsokomola kwa nthawi yaitali bwanji?" anafunsa adokotala, a Chimango, cholembera chili papepala.

"Uno ndi mwezi wachiwiri," anayankha Lufina, akukonza chitenje chimene anafunditsa mwana wake Tisunge. Mwanayo anali wa zaka zitatu, koma sikelo ya pachipatalapo inaonetsa ngati wa ziwiri. Mwamuna wa Lufina, Fanizo, anaima pakhomo atapinda manja.

A Chimango anafotokoza kuti mwana wamng'ono chotere satha kutulutsa makhololo oti ayezedwe. Choncho pofufuza TB iwo amawerenga mapointi: kutalika kwa matenda, kuonda, kutentha thupi kosamva mankhwala a malungo. Akakwana asanu ndi awiri, mwana amayamba mankhwala.

"Apa tapeza asanu ndi imodzi. Funso lomaliza: kunyumba alipo wotsokomola, kapena amene anadwalapo TB?"

"Palibe," Fanizo anayankha msangamsanga. "Kwathu tonse ndife athanzi."

Lufina anayang'ana mwamuna wake. Alamu ake, a Obed, akulu ake a Fanizo, anabwera kuchokera ku Joni miyezi inayi yapitayo ataonda ngati bango. Ankagona pabalaza, nkumalavulira m'chitini cha mafuta ophikira. M'mawa uliwonse Lufina ndiye ankakataya chitinicho kuchimbudzi, ntchentche zikumutsata, nthawi zina muli magazi. Masana iye akamagulitsa mbatata ya kachewere pamsewu pa Nsipe, Tisunge ankatsala pamiyendo pa a Obedwo, akudya nawo mbale imodzi. Fanizo anali atalamula kuti za akulu akewo zisamveke, poopa kuti anthu anganene kuti ndi matenda aja, nkusiya kuwagula.

"Ndiye timupatse kaye mankhwala a chifuwa wamba, mubwerenso pakatha masabata awiri," anatero a Chimango.

"Alipo," anatero Lufina.

"Mayi a Tisunge!" anakalipa Fanizo.

"Alipo, adokotala. Alamu anga. Akulavula magazi."

Fanizo anaseka mwamanyazi. "Akazi awa, pakamwa ngati wailesi. Ndi fumbi la kumigodi chabe lija."

"Fumbi limenelo munalitayapo tsiku liti inu?" Lufina anatembenukira mwamuna wake. "Mumadzuka nkutsina mphuno, nkuthawira kumsika. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, bambo a Tisunge. Mwanayu ndikamamusambitsa ndimawerenga nthiti. Inu mukuteteza mbatata!"

A Chimango sanayang'ane Fanizo nkomwe. Analemba papepala paja, nkutulutsa timabotolo tiwiri.

"Mwanayu ayamba mankhwala lero, kwa miyezi isanu ndi umodzi osadumphitsa. Iti ndi ta akulu anuwo. Alavuliremo, mawa abwere nato okha."

Fanizo sanatambasule dzanja. Anatuluka. Lufina ndiye anatilandira nkutimanga pakona ya chitenje.

Atatenga mankhwala pawindo, anapeza pansi pa mtengo pomwe anaimika njinga yawo palibe kanthu; Fanizo anali atapita nayo. Analavula pambali, nkubereka Tisunge, nkuyamba kuyenda wapansi. Pamphambano sanakhotere kumsika. Analunjika kunyumba, kukawauza yekha a Obed.