Nsidze za Nelesi

Fyness sanayambire ku saluni ayi. Zaka zambiri ankajambula nkhope pa zikwangwani za ometa tsitsi pa msika wa Chongwe, ndipo dzanja lake linazolowera kuona fupa pansi pa khungu. Atayamba ntchito yolemba nsidze ndi kasingano ndi inki yokhalitsa zaka ziwiri, anzake opanda luso ankatulutsa akazi ooneka ngati odabwa moyo wonse. Za Fyness munthu ukadalumbira kuti zinamera zokha.

Ndiye Loweruka lina kunabwera Gershom, mlimi wa ku Palabana amene mkazi wake Nelesi anamwalira chaka chatha. Anthu ankati anagwera m'chitsime, koma ponena zimenezo ankatsitsa mawu. Kumbuyo kwake kunali Chiko, mng'ono wa malemuyo, amene achibale anamupereka kuti alowe m'malo mwa mkulu wake. Kamtsikana kofatsa, maso pansi ngati kalakwa.

Gershom anaika chithunzi cha Nelesi patebulo.

"Ba Fyness, nifuna nsidze monga izi. Ndendende."

"Nanga mwine wa nkhope akamba bwanji?" anafunsa Fyness.

"Avomela," anayankha mwamunayo. Chiko anangokhala pampando.

Fyness anayamba ndi pensulo monga mwa nthawi zonse. Sanachedwe. Mizere itangokumana, Nelesi anatulukira pankhope ya mng'ono wake, moti Fyness mwiniyo tsitsi linamuyimirira. Luso lina ndi tsoka ndithu.

Anayang'ananso chithunzicho pafupi. Nsidze ya kumanzere ya Nelesi inali yoduka pakati. Wina akadati n'chibadwa, koma Fyness anaona kuti fupa la pamenepo linali lotsikirako ndipo chikope chinali chokokeka. Chimenecho chinali chipsera, ndipo chogwera pamalo otere sichibwera chifukwa chopunthwa.

Gershom atatuluka kukayankha foni, Fyness anawerama.

"Mwana wanga, pensulo ifutika na manzi. Inki ya nyeleti siifutika. Ukakana, nizakamba kuti inki yasila."

Chiko anayang'ana kuchitseko. "Mukakana imwe azanipeleka kwina, kwamene azaniononga nkhope, elo ba Gershom azakalipa. Lembani chabe, amai."

Fyness analemba, mtima ukumuwawa. Tsitsi limodzilimodzi, kasingano kakulira ngati udzudzu. Koma nsidze ya kumanzere anailemba yathunthu, yopanda mpata. Chimenecho chokha anakana kukopera.

Gershom anabwerera n'kugwira chibwano cha Chiko, n'kutembenuzira nkhope ku kuwala. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anaika chala chake chachikulu pakati pa nsidze ya kumanzere.

"Apa mwasiyako."

"Apo sinilemba," anatero Fyness mwaukali.

Mwamunayo sanakwiye. Anamwetulira bwinobwino, nasisita pamalopo pang'onopang'ono.

"Osavutika, ba Fyness. Na Nelesi sanabadwe napo."