Dzina Lachisanu ndi Chinayi

Kalata ya khonsolo inawapeza a Mlongoti ali m'kachipinda kawo ka wailesi, akupotokola kachitsulo pang'onopang'ono kufunafuna mawu a munthu pakati pa phokoso. Dzinali anawapatsa ndi anthu a mumsewu wawo chifukwa cha chitsulo chachitali chimene anaimika kuseri kwa nyumba atangopuma pa ntchito yokonza nthambo za telefoni. Wailesi yawo sinali yomvera nyimbo. Inali yoyankhulirana ndi anthu akutali, ena tsidya la nyanja, amene nkhope zawo sanazionepo. Khoma lonse linali litadzaza makadi amene anzawowo ankawatumizira.

Mpongozi wawo anaika kalatayo pathebulo n'kutuluka msangamsanga ngati wasiya mkaka pamoto.

Mawu ake anali ochepa. Mlongoti uchotsedwe pasanathe masiku khumi ndi anayi, chifukwa anthu oyandikana nawo adandaula kuti ukusokoneza ma TV awo ndiponso ukhoza kugwera ana. Ngati ali ndi chokana, akaonekere pamaso pa komiti. Tsamba lachiwiri linali la mayina a odandaulawo.

Anavala magalasi. Dzina lachitatu linali la telala wa pakona. Zaka ziwiri zapitazo, mphepo yamkuntho itagwetsa mapolo a magetsi ndipo mafoni onse atafa kwa masiku atatu, telala yemweyu anagwada pakhomo la kachipindaka, mkazi wake akubuula ndi pakati. A Mlongoti analumikiza wailesi ku batire la galimoto naitana mpaka mawu kusasa, kufikira wina atawayankha n'kukadziwitsa a chipatala. Mwana wobadwa tsiku limenelo tsopano ankathamanga mumsewu. Anapukusa mutu n'kupitiriza kuwerenga.

Pa dzina lachisanu ndi chinayi chala chawo chinaima. Zilembozo ankazidziwa. Dzanja limene linazilemba analigwirapo okha, likuphunzira kugwira pensulo.

Mwana wawo wachisamba, yemwe anasamukira m'nyumbamo ndi mkazi wake mayi atamwalira, anali panja akutsuka galimoto. A Mlongoti anamutambasulira pepalalo.

"Dzanja ili ndi la yani?"

Iye anafinya nsanza nthawi yaitali. "Anthu onse anasaina, Bambo. Ndikanakana bwanji? Ndimakhala nawo."

"Umakhala nawo. Nanga denga limene umagonamo ndi lawo?"

"Musayambe zimenezo."

"Ndangofunsa. Chitsulo chija chinakulakwira chiyani?"

Mwanayo anaponya nsanza m'ndowa. Sanakweze mawu. "Amayi anadwala miyezi isanu ndi umodzi. Ndikabwera kudzawaona ndinkawapeza okha, madzi akumwa ali patali. Inu muli umo, kufunsa munthu wa tsidya la nyanja ngati kwawo kukugwa mvula."

"Mayi ako ndiwo ankandituma. Ankati ndisiye chitseko chotsegula kuti azimva anthu akuyankhula. Nyumba ya zii inkawaopsa."

"Anakuuzani choncho chifukwa ankadziwa kuti mupitabe."

Amene akanaweruza mlanduwo anali kumanda. A Mlongoti anapinda pepala lija kanayi n'kubwerera m'nyumba.

Chiphaso cha boma anali nacho, m'felemu pamwamba pa wailesi. Ankadziwanso kuti chimene chinkasokoneza ma TV si mlongoti wawo, koma makina owotcherera zitsulo a pagalaja ya kumapeto kwa msewu. Akanakhoza kukaima pamaso pa komiti ndi kupambana. Kawiri konse anasita jekete. Koma akaganiza za mlembi akuwerenga mayina aja mokweza, n'kufika pa lachisanu ndi chinayi, anthu n'kumatembenuka kuyang'ana bambo ndi mwana, jeketelo ankalibwezera m'kabati. Bongololo sadzolera mafuta pagulu.

Loweruka lomaliza m'mawa anayatsa wailesi pa nthawi yake. Mnzawo amene ankacheza naye kwa zaka khumi ndi ziwiri, mkulu wina amene kale ankayendetsa sitima ya pamtunda m'dziko lakutali, anali akuwadikira kale.

"Lero mukumveka ngati muli pakhonde panga, achimwene," anatero woyendetsa sitimayo. "Kwagwanji kumeneko?"

"Kulibe, koma ukalamba. Ndikhala chete kwa kanthawi. Mlongoti ukufunika kukonza."

"Muuzeni mnyamata wanu akwere. Ana tinaberekera zomwezo."

"Ndimuuza."

"Muli ndi mwayi inu, wanu mukukhala naye. Wanga ndimamuonera pachithunzi."

A Mlongoti anagwira maiki osadina batani. Phokoso linadzaza chipinda ngati mvula ya pamalata. Kenaka anatsanzika mwa nthawi zonse, nalemba tsiku ndi ola m'buku lawo, n'kuzimitsa.

Amisiri anabwera Lolemba ndi makwerero ndi macheka. A Mlongoti anakana kuti chitsulocho chidulidwe. Anawaonetsa bawuti yoyamba kumasula, nagwira okha chingwe chachikulu. Telala anatulukira akumwetulira, tepi yake ili m'khosi.

"Ndithandizeko, madala? Ntchito yotere imafuna anthu."

"Gwirani uko," anatero a Mlongoti osamuyang'ana.

Mlongoti unatsika pang'onopang'ono n'kugona pa udzu. Pansi unkaoneka waufupi, wa utoto wosupuka. Mwana wawo anali atalawirira ku ntchito tsiku limenelo, ndipo madzulo anawabweretsera foni yatsopano m'kabokosi. "Iyi mukhoza kuyankhula ndi aliyense, Bambo." Anathokoza, naiika pamwamba pa kabati ili m'pulasitiki mwake.

Patapita sabata, atatuluka kukaothera dzuwa, anapeza waya wamkuwa wa pa mlongoti uja, amene ankatola mawu kuchokera kutsidya la nyanja, atamangidwa kuchokera pa mtengo wa mapeyala kukafika pa mpanda. Mpongozi wawo ankayanikapo zovala. Malaya awo awiri anali pakati, akudontha madzi.

"Wayayu amangokhala, Bambo," anatero mpongoziyo mwamanyazi. "Komatu ndi waya wabwino. Sachita dzimbiri."

A Mlongoti anayandikira ku mpanda. Mfundo yake inali yamphwephwa, yoti mphepo yoyamba ikanaimasula. Anaimasula okha, nakoka wayayo mpaka kuwongoka, n'kumanga bwinobwino monga ankamangira pa mapolo zaka makumi atatu.

"Eya," anatero. "Sachita dzimbiri."